Mwezi Umene Ndinayamba Kuyang'ana Apongozi

Ndinakhala pa chikamwini zaka makumi awiri ndi ziwiri osaidziwa bwino nkhope ya apongozi anga aakazi. Sikuti ndikanawapitirira pamsika osawazindikira. Ndinkawadziwa ndi zitenje zawo, katsokomoledwe kawo ka m'mawa, ndi mawu awo akamapirikitsa mbuzi. Koma wina akanandifunsa ngati mano awo akutsogolo alipo onse, ndikanamutumiza kwa mkazi wanga.

Kwathu ndi ku Chiringa. Ndinakwatira kumudzi wina cha ku Nkhulambe, ndipo monga amuna ambiri kuno ndinamanga kwawo kwa mkazi. Nyumba yathu ndi ya apongozi zinayang'anizana. Pakati pali bwalo ndi mtengo wa mango umene ndimagwirirapo ntchito yanga ya ukalipentala. Apongozi aamuna anamwalira mwana wathu woyamba asanayambe kuyenda.

Mwambo umene ndinaupeza ndi woti mkamwini ndi apongozi ake aakazi amachitirana manyazi. Sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, sakhalira mphasa imodzi. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira kumunda. Chinangwa cha eni ake ndachiponda chambiri chifukwa chopatuka. Moni ndinkapereka m'mawa uliwonse nditanjuta pafupi ndi nkhokwe, nkhope nditalozetsa kuphiri.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu bambo?"

Basi, mpaka mawa lake. Achinyamata a masiku ano zimawaseketsa zimenezi. Ine sindinkaona chovuta. Sindine munthu wa nkhani zambiri, ndiye mwambo woti usamayankhule kwambiri ndi munthu unkandikomera ndithu.

Matenda awo ndinawamva ndi khutu ndisanauzidwe. M'mawa akamamwa tiyi pakhonde, supuni inayamba kumalira m'kapu, ngwe ngwe ngwe, ngakhale atamaliza kutakasa. Kenako kayendedwe kanasintha. Munthu amene ankayenda ngati wathamangitsidwa anayamba kukhwekhwereza mapazi. Mawu anatsika, mbuzi zinasiya kuwamvera. Mkazi wanga anati dzanja lamanja likunjenjemera, ndipo nkhope yawo yangouma, saseka ngakhale nkhani ikome bwanji.

Tsoka lake, njira yawo yopita kutchalitchi imadutsa pakhomo pa msuweni wawo amene amatcheza kachasu. Anakulira limodzi, ndiye ankaima pamenepo kucheza, monga ankachitira kuyambira kale. Lachinayi lina, ku msonkhano wa gulu la amayi a kumpingo, anawapempha kuti ayambitse nyimbo. Anavutika kudzuka, atadzuka anadzandira, buku likugwedezeka m'manja, mawu osamveka. Pofika Lamulungu mudzi wonse unali utamaliza kuwerengera: amaima pa kachasu, amadzandira, amanjenjemera. Ayamba kumwa.

Atcheya a gululo anabwera ndi amayi ena awiri. Anayankhula mwaulemu, koma uthenga unali umodzi. Apongozi ayambe avula yunifomu mpaka msonkhano waukulu umene umachitika anthu akatha kukolola nandolo. Ikadzafika nthawiyo nkhani isanayere, yunifomuyo adzaibweze.

Amene si wa kuno angaone ngati ndi nkhani ya bulauzi yoyera ndi duku basi. Apongozi anavala zovala zimenezo zaka zoposa makumi atatu. Mayi wa m'gulu akamwalira, anzake amabwera onse atavala zoyera, amamuimbira kuyambira pakhomo mpaka kumanda, ndipo yunifomu yake amapita nayo. Ndinawamva madzulo ake akufunsa mkazi wanga kukhitchini: "Ndiye ndikafa mudzandiika ngati ndani?" Ine ndinangopitiriza kupala thabwa limene linali losalala kale.

Patapita sabata ziwiri, wazaumoyo wa m'dera lathu analengeza kuti kuchipatala cha pa boma kukumabwera anthu a kafukufuku wa matenda a ubongo ndi mitsempha, kamodzi pamwezi, ndipo akufuna achikulire amene manja awo amanjenjemera. Tinapita atatu. M'minibasi apongozi anakhala kutsogolo, mkazi wanga pakati, ine kumbuyo kwenikweni pamodzi ndi matumba a chinangwa.

Dokotala anali mayi wachitsikana, woyankhula mofulumira, Chichewa chake cha kuchigawo chapakati. Anayamba ndi kufotokoza za kafukufukuyo, kuti palibe wokakamizidwa, ndipo wofuna kusiya angathe kusiya tsiku lililonse osalandidwa chithandizo. Apongozi anadinda chala. Kenako anayamba kuwayeza. Ndinkangomva: "Gundanitsani zala ziwirizi, agogo, mofulumira. Jambulani mzere wozungulira ngati nkhono. Yendani mpaka pachitseko, mubwerenso." Ine ndinali pabenchi pakona, ndikuwerenga chipepala cha pakhoma chophunzitsa kasambidwe ka m'manja. Ndinachiwerenga kasanu ndi kanayi. Mpaka lero ndimasamba m'manja bwino kwambiri.

Atamaliza anatiuza zimene ankaganiza. Mkati mwa ubongo muli malo amene amapanga timadzi tina tothandiza kuti thupi limvere msanga munthu akafuna kusuntha. Timadzito tikachepa, thupi limachedwa, limauma, dzanja limanjenjemera. Matendawa ali ndi dzina lachizungu, koma ife pakhomo timangoti matenda onjenjemera. Si ufiti, si opatsirana.

"Nanga mowa?" anafunsa apongozi.

"Mumamwa, agogo?"

"Funsani mudzi wonse. Akuti ndimamwa."

"Ine ndikufunsa inu."

"Thobwa. Nalonso likhale la tsiku lomwelo."

Dokotala anaseka. Mkazi wanga anafotokoza za yunifomu, n'kupempha kalata. Dokotala anati kalata adzalemba, koma osati tsiku lomwelo. Matendawa saoneka m'magazi. Amadziwika poona munthu, komanso poona mmene thupi likuyankhira mapiritsi. Akalemba kuti "ndikuganiza", amayi a kumpingo nawonso adzati akuganiza. Kunali bwino kudikira kuti adzalembe zotsimikiza.

Panali mafunso ambiri, a ntchito, a madzi amene timamwa, a mankhwala othira m'munda, a zakudya. Atafika pa kalongonda, nyemba zathu zija timaziphika tsiku lathunthu, dokotala anaika cholembera pansi. Anati m'nyemba zimenezo muli chinthu chofanana ndi chimene chili m'mapiritsi awo, ndipo kwina akatswiri akufufuza ngati zingathandize. Koma chambiri chimapita ndi madzi aja timataya pophika.

"Ndiye zaka zonsezi takhala tikutaya mankhwala kuseri kwa nyumba?" anatero apongozi.

"Pitirizani kutaya, agogo. Mukamwa madzi amenewo mudzazungulira mutu, ndipo atcheya anu adzakhala kuti ananena zoona."

Pomaliza anawapatsa apongozi mapiritsi, n'kutulutsa pepala la mabokosi. Tsiku lililonse katatu, pakatha ola atamwa piritsi, wina alembe. Dzanja likunjenjemera likakhala chete? Akudzuka okha? Poyenda akuponya manja onse awiri? Nkhope ikusintha akamayankhula?

"Ndani amakhala pakhomo tsiku lonse, wodziwa kulemba?"

Mkazi wanga amagulitsa tomato m'misika, amachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Analoza ine ndi mlomo. "Awa. Anafika Folomu Folo."

Pamenepo ndi pamene ndikanayankhula. Koma munthu wophunzira chonchija umamuuza bwanji kuti mayi amene ukukhala naye bwalo limodzi sumuyang'ana? Ndinalandira pepalalo ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Mwezi woyamba ndinagwira ntchitoyo motere. Mkazi wanga ankasiya mapiritsi atatu m'kambale. Nthawi ikakwana ndinkatsokomola pansi pa mango n'kuuza mtengowo kuti, "Kaya nthawi ya mankhwala yakwana." Pakatha ola ndinkanjuta pa nkhokwe paja.

"Mukumva bwanji, amayi?"

"Bwino, bambo."

Ndinkalemba "Bwino" m'mabokosi onse anayi, ndi zilembo zoongoka. Sindinkadziona ngati wonama. Mwiniwake wa thupi ndi amene wanena, ine ndine yani?

Komabe mtima wa ukalipentala unkandivuta. Chinthu chimene sunachiyeze sunachidziwe. Ndiye ndinapeza njira. Mkazi wanga amasesa bwalo asanachoke, ndipo apongozi akadutsa kupita kukhitchini kapena kubafa, mapazi awo ankatsala pafumbi. Akalowa m'nyumba, ndinkatenga tepi n'kuyeza kutalikirana kwa mapaziwo, chidendene mpaka chidendene. Ndinkalemba kuseri kwa pepala, pamodzi ndi nthawi yake. Ndinaona kuti nthawi zina mapaziwo ankatalikirana, nthawi zina ankatsala pang'ono kupondana.

Chimene sindinaganize n'chakuti bwalo lathu lilibe mpanda. Mayi wina wopita kumjigo anandiona nditagwada pa phazi la apongozi m'mawa, ndikuchita zinthu ndi manja. Kuno munthu wogwada pa phazi la mnzake amadziwika chimene akufuna: akutapa dothi kuti akamulodze. Mkazi wanga anazimva kumsika. Anafika dengu lili pamutu, osalitula.

"Bambo a ana, mwayamba liti kutapa mapazi a amayi?"

"Ndimayeza."

"Mumayeza! Mukuwapangira bokosi? Theka la mudzi likuti amayi ndi chidakwa, theka linalo likuti inu ndinu mfiti. Ine ndizigulitsa tomato kwa ndani?"

Ndinamuonetsa manambala. Anawayang'ana, anandiyang'ana, n'kunena kuti sukulu imawononga anthu mosiyanasiyana.

Ulendo wachiwiri unagwera tsiku la msika waukulu, ndiye tinapita awiri. Apongozi anakwera kabaza, ine njinga yanga, ndikutsatira patali ngati sitikudziwana. Dokotala analandira pepala, n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Bwino. Bwino. Bwino. Bwino." Anatembenukira kwa ine. "Bambo, masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, osadwalako ngakhale Lolemba? Mwandibweretsera munthu wochira? Nanga dzanja ili likuvinali ndi la yani?"

Ndinayang'ana chipepala changa cha kasambidwe ka m'manja. Anayankha ndi apongozi, ndi mawu awo otsika aja.

"Adokotala, musavutike nawo. Munthuyu sanandiyang'anepo chibwerereni pamudzi pathu. Ndi mkamwini wanga."

"Sanakuyang'aneni bwanji? Mukukhala pakhomo pamodzi."

"Ndiye ulemuwo."

"Nanga 'bwino' ameneyu amamutenga kuti?"

"Amandifunsa. Inu mukufuna ndiziuza mkamwini kuti mwendo wandiuma, ndalephera kumanga chitenje?"

Dokotala anagwira pakamwa. Anaseka mpaka misozi, kenako anasiya mwadzidzidzi, n'kutsegula kabati. Anatulutsa mapepala ena angapo n'kumawayang'ana limodzi limodzi. Anati pali ena a "bwino" okhaokha ngati langa, ndipo iye ankaganiza kuti anthuwo ndi aulesi. Anapepesa, nati funso lawo linali loperewera. Ndinamva kuti kuyambira pamenepo amafunsa kaye kuti wolembayo ali pa ubale wanji ndi wodwala, ndipo ngati amatha kumuyang'ana.

Kuti ndichepetse manyazi, ndinamuonetsa kuseri kwa pepala. Anayendetsa chala pa manambalawo kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Izi mwaziyeza ndi chiyani?"

"Tepi."

"Izi ndiye zenizeni. Taonani, m'mawa mapazi akutalikirana, masana akufupika. Mapiritsi akugwira, koma sindikudziwa kuti akuyamba liti, akutha liti, ndipo dzanja likutani. Ine ndimawaona agogowa mphindi zochepa pamwezi, ali otopa ndi ulendo. Ndikufuna maso a munthu wa pakhomo. Msonkhano uja ndi liti?"

"Sabata zisanu zikubwerazi," anatero apongozi.

"Ndiye mwatsala ndi pepala limodzi."

Pobwerera sitinayankhulane, monga mwa nthawi zonse. Koma madzulo mkazi wanga anabwera pansi pa mango ndi uthenga. "Amayi akuti mupeze tambala. Wamkulu, osati tija mumagula inu."

Kuno njira yothetsera manyazi amenewa ilipo. Mkamwini amabweretsa nkhuku, apongozi amaphika, amaitana wamkulu wa pabanja kuti aone, ndiye awiriwo amakhala mphasa imodzi n'kudya mbale imodzi. Zikatero angathe kuyang'anana ndi kucheza. Ambiri amachita zimenezi mwana woyamba akabadwa. Kwa ife nthawi imeneyo kunagwa maliro a apongozi aamuna, ndipo nkhaniyo inangogona.

Loweruka anabwera atsibweni a mkazi wanga, achimwene awo a apongozi, nkhalamba yogontha khutu limodzi. Anayankhula mawu ochepa, ambiri okhudza nkhukuyo. Ndinakhala pamphasa, maso ali pa mbale.

"Bambo," anatero apongozi, "zaka zonsezi bwanji simunabweretse tambala?"

"Ndinkadikira kuti munene ndinu, amayi."

"Ine ndinkadikira inu. Ndinkati mwina mkamwini wanga ndi woumira."

Atsibweni anafunsa kuti akuti chiyani. Mkazi wanga anawabwerezera mofuula, moti a nyumba zoyandikana anamva nawo.

"Dzutsani mutu," anatero apongozi. "Nkhuku yafa kale."

Ndinadzutsa. Anali mayi wamng'ono thupi kuposa mmene mawu awo ankandiuzira. M'mbali mwa maso anali ndi mphini ziwiri zakalekale. Nkhope inali duu, maso osaphethira kawirikawiri, koma masowo ankaoneka ngati akuseka. Dzanja lamanja linali pabondo, chala chachikulu chikupekesana ndi chinzake ngati akupota ulusi. Iwonso anandiyang'ana bwinobwino, kuyambira kuchibwano kupita m'mwamba.

"Kani muli ndi dazi? Mwana wanga sanandiuze."

"Langoyamba kumene, amayi."

"Limenelo? Limenelo ndi la kale. Idyani."

Anatambasula dzanja lija kuti atenge chiwindi, ndipo ndinaona chinthu chimene khutu silikanandiuza. Dzanjalo litangonyamuka, kunjenjemera kunaleka. Linatenga chiwindi bwinobwino, linafika pakamwa, ndipo litabwerera pabondo linayambanso. Ndinapempha kuti andikhululukire, n'kupita kukatenga pepala.

Mwezi wachiwiri ndinalemba zoona ndi maso. Masiku oyamba khosi linkafuna kutembenukira kuphiri palokha, ndipo iwo ankati, "Kuno, bambo, wodwala ali kuno." Ndinapeza kuti piritsi limayamba kugwira pakatha mphindi pafupifupi makumi anayi. Akalimwa atangodya nyemba zambiri linkachedwa. Poyenda, dzanja lamanzere ankaliponya, lamanja linkangolendewera. Kudzuka pamphasa kunali nkhondo, ndiye ndinawapangira mpando wautaliko wokhala ndi mogwira, umene anati ukuoneka ngati wa woweruza milandu koma sanachokepo. Chachikulu chinali ichi: mphamvu ya piritsi la masana inkatha cha m'ma thu koloko, ndipo kuyambira pamenepo mpaka madzulo thupi linkauma kwambiri. Thu koloko ndi nthawi imene amayi amayamba msonkhano wawo wa Lachinayi.

Tinkachezanso. Ndinadziwa kuti ali mtsikana anathyolako tiyi ku Mulanje, kuti sakonda mapapaya, ndiponso kuti chitseko chimene ndinawapangira zaka khumi zapitazo chimakhula pansi, koma analibe njira yondiuzira. Ndinachikonza tsiku lomwelo.

Ulendo wachitatu dokotala anawerenga pepala lonse osaseka. Anawayezanso, anasintha nthawi za mapiritsi, anawonjezera theka la piritsi masana, nati azimwa asanadye. Anatiuzanso mosabisa kuti mankhwalawa sachiza. Amangobweza mphamvu kwa maola angapo, ndipo matendawa amapitirira pang'onopang'ono. N'chifukwa chake akufufuza. Kenako analemba kalata m'Chichewa n'kuidinda.

Atcheya anabwera Lachiwiri, msonkhano waukulu uli Loweruka, ndi amayi awiri omwe aja. Apongozi anawaitana dala kuti afike wani koloko, asanamwe piritsi la masana. Mkazi wanga anali kumsika. Atcheya anawerenga kalata kawiri, anaipinda bwino, n'kuibweza.

"Taiona, mayi. Ife sitikutsutsa achipatala. Koma achipatala sakhala m'mudzi muno. Anthu adzati kalata ndi kalata. Ndani amene angaime n'kunena kuti amakuonani tsiku ndi tsiku?"

"Mkamwini wanga."

Amayi atatuwo anayang'anana.

"Amene amatapa mapazi uja?" anafunsa mmodzi motsitsa mawu, koma osati motsitsa kwenikweni.

"Yemweyo. Amandiyang'ana katatu patsiku, mpaka ndatopa naye. Bambo, tabwerani."

Ndinabwera n'kukhala pafupi nawo pakhonde. Mmodzi wa amayiwo anakoka duku kuphimba kumaso, kundichitira manyazi amene ine ndinali nditasiya. Ndinafotokoza za tepi mwachidule. Kenako ndinati sindidziwa kuyankhula, koma ngati ali ndi ola limodzi aone okha.

"Taonani dzanjali lili pabondo. Amayi, tatengani kapu iyo."

Anaitenga, madzi osatayika.

"Munthu wa kachasu," ndinatero, "dzanja limamuvuta akamafuna kugwira kapu. Awa limawavuta likakhala chete."

"Zimenezo n'zoona," anatero mayi wa duku uja. "Bambo a kunyumba kwanga theka amathira pamalaya." Atcheya anamuyang'ana.

Ndinapempha apongozi kuti adzuke ayende mpaka pa mango. Anayesa kawiri asanadzuke, ndipo anapita akukhwekhwereza, atawerama. Atabwerera ndinawapatsa piritsi pamaso pa onse, n'kuika wotchi yanga pamphasa. Tinadikira. Ndinawiritsa tiyi ndekha. Amayiwo anakamba za mtengo wa nandolo, za mvula, za mwana wa uje amene wabwera ndi mkazi wa ku Mozambique. Apongozi poyamba ankangomvera. Kenako anayamba kuponyamo mawu. Pofika mphindi makumi anayi ndi zisanu anali akutsutsa atcheya za chaka chimene denga la tchalitchi linasasuka, mawu akumveka mpaka kumsewu, ndipo atapambana anaseka, nkhope yonse.

Sindinawauze kuti adzuke. Mbuzi inalowa m'khitchini, iwo anadzuka kamodzi n'kuilondola, akuikalipira m'Chilomwe.

Atcheya anayang'ana wotchi, anayang'ana kambale ka mapiritsi.

"Mayi," anatero atcheya, apongozi atabwerera, "tinakulakwirani. Loweruka ndidzanena ndekha pamaso pa onse. Lachinayi mubwere mutavala."

"Ndidzaona ngati ndidzakhale ndi nthawi," anatero apongozi.

Lisanafike Lachinayi anachapitsa bulauzi kawiri. Mabatani ake anali aang'ono, zala zinkalephera, ndiye mkazi wanga anawachotsa n'kusokerapo akuluakulu. Tsikulo ndinawapatsa piritsi kota pasiti wani, monga tinapangana ndi dokotala, ndipo ananyamuka nthawi ili yabwino. Sanaime pa msuweni wawo popita. Anaima pobwera, atavala zoyera zomwezo, pakhonde poonekera, kuti aliyense wodutsa aone.

Papita zaka ziwiri. Kuchipatala timapitabe mwezi ndi mwezi, ndipo mapepala ndadzaza ambiri. Dzanja lamanzere nalo layamba pang'ono. Masiku ena mapazi amakakamira pakhomo ngati apondera ulimbo, ndipo ndimawawerengera, wani, thu, wani, thu, mpaka achoke. Kutchalitchi tsopano ndimawaperekeza panjinga.

Koma Lachinayi loyamba lija anapita okha ndipo anabwera okha, cha m'ma faifi, piritsi litatsala pang'ono kutha mphamvu. Anadziponya pampando wawo n'kumasula duku. Ndinafunsa kuti zayenda bwanji.

"Miyezi itatu yokha ndachokapo," anatero, "kaimbidwe kafa. Amayamba nyimbo pamwamba ngati akuitana munthu kutsidya kwa mtsinje. Lachinayi likubwerali mundipatse mankhwala msanga, ndikafike iwo asanayambe."